KUKAIKANA M'BANJA: MAU KWA ABALE A KU KROONDAL

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, nkhani ya lero ndi ya nthenda imene ipasula nyumba koposa moto, ndiyo kukaikana kwa mwamuna ndi mkazi wace.

Kroondal, pafupi ndi Rustenburg, kale unali mudzi wa alimi Acijeremani a mpingo wa Lutheran. Utatsegulidwa mgodi wa pulatinamu m'caka ca 1999, anthu a mitundu yambiri anamanga zisakasa zao ku Ikemeleng. A kwathu aliponso m'dera limeneli, amene akazi ao anatsala kumudzi.

Bvuto la kulekana kotere si la lero. M'caka ca 1935 Boma la Nyasaland linaika komiti ya Bwana Lacey kufufuza za amuna opita kunja, ndipo inayesa kuti analipo ngati 120,000, niidandaula za maukwati akutha. Masiku ajawo kalata inali kucedwa panjira. Lero lamya ifikitsa mphekesera tsiku lomwelo. Wina aimbira kumudzi nati, "Alamu, amuna anu tawaona ndi mkazi wa kuno." Wina aimbira ku Joni nati, "Acimwene, akazi anu acedwa kumsika." Koma kandimverere anakanena za m'maluwa.

Makolo anatisiyira njira yabwino, ndiyo ya ankhoswe, pakuti ukwati suli wa anthu awiri okha ai, koma wa mabanja awiri. Mwamuna akamva zoipa asaleke kutumiza ndalama, popeza ana sanalakwe kanthu. Auze nkhoswe yace, ndipo iyo ikaonane ndi nkhoswe ya kucikazi. Iwo akhale pamphasa, namufunse wobweretsa mau uja: Munaona ndi maso kodi? Liti? Munali ndi yani? Nkhani zambiri zithera pa mafunso atatu amenewa. Ngati mlandu uli wa pakati, amai akulu awerenge miyezi kuyambira ulendo wotsiriza wa mwamuna, nayang'anenso buku la kusikelo, munthu asanachulidwe dzina loipa.

Momwemonso mkazi asafulumire kumanga mitolo. Ankhoswe ace angathe kufunsa kwa mkulu wa mpingo kapena mbale wokhulupirika amene ali ku Kroondal komweko. Cikapezeka coona, wolakwa abvomere pamaso pa akulu, napepese. Ndipo mwamuna pofika kumudzi, onse awiri apite pamodzi ku cipatala kukayezetsa magazi za HIV, kuti mitima ikhale pansi.

Ife amuna tisadziyese oyera. Ambiri ofulumira kuweruza mkazi wa kumudzi ali ndi mphika wina pamoto kuno. Malipiro amodzi sadyetsa nyumba ziwiri, ndipo akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Cifukwa cace, abale, mukalandira pakutha pa mwezi tumizani msanga, imbani lamya kawirikawiri, ndipo pa Khirisimasi kaonekereni kwanu.