Ndalama za Boma Zothandiza Okalamba, Osaona ndi Olumala

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a akulu, nthawi zambiri agogo amakufunsani kuti: "Kodi ndalama za INAS zija n'za yani?" Tiyeni timvetsetse nkhaniyi kuti tiziyankha zoona.

Cithandizoci cinayamba mu 1990, nkhondo isanathe, pamene ofesi ya GAPVU inkapereka ndalama zogulira cakudya kwa osauka a m'matauni. Mu 1997 boma linakhazikitsa INAS, ndipo pang'ono ndi pang'ono cithandizo cinafika kumidzi. Lero cimadziwika ndi dzina la Programa de Subsídio Social Básico. Si mphatso ya munthu wamkulu aliyense ayi. Ndime 95 ya Malamulo a dziko la Mozambique a 2004 imanena kuti nzika ili ndi ufulu wothandizidwa ikakalamba kapena ikalumala.

Musasokoneze ndalamazi ndi penshoni ya INSS, imene amalandira anthu amene ankadulidwa pa malipiro awo. Za INAS n'za amene alibe pogwira: okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, osaona, olumala ndi odwala matenda osatha. Mu 2018 boma linaika 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha, kukwera mpaka 1.000 meticais kwa banja la anthu asanu. Ndi zocepa, inde, ndipo nthawi zina zimacedwa n'kubwera za miyezi ingapo pamodzi. Komabe zimagula sopo, mcere ndi ufa.

Wolemba maina m'mudzi ndi munthu wosankhidwa amene amamucha "permanente". Wofuna kulembetsa akhale ndi BI kapena cikalata cina cotsimikiza zaka zake, ndipo wolumala amafunika umboni wa kucipatala.

Nanga inu nchito yanu ndi yotani? Gogo wosadziwa manambala amangodinda cala, osadziwa ngati walandira zonse. Wosaona amadalira mdzukulu kumuwerengera. Apa ndi pamene ena amabedwa. Cotero m'kalasi phunzitsani kuwerenga ndalama za pepala, kuphatikiza za miyezi itatu, ndi kulemba dzina. Funsani ophunzira kuti: ndani m'mudzi muno woyenera koma sanalembedwe? Mupite nawo kwa permanente, ndipo tsiku lolandira wosaona aperekezedwe ndi munthu wokhulupirika.