Filimu ya nkhondo: musangoletsa, sankhani

Sabata yatha mayi wina wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo adandiimitsa pamsika wa Bvumbwe nkhope ili yakugwa. Akuti mwana wawo wa zaka 12 akangopeza kandalama amathamangira ku vidiyo kukaonera Rambo. Akabwerako amasema mfuti ya phesi n'kumaloza azing'ono ake.

"Anesi, ndimuletse?" adafunsa.

Ndidati ayi mayi, mukaletsa azikaonera mobisa. Musankhireni, ndipo muzionera naye limodzi.

Nanenso ndidawakonda mafilimuwa. First Blood ya 1982 ndi Commando ya 1985 zitafika pa Luchenza, tinkapanikizana pamabenchi n'kumaimba m'manja. Koma zaka zomwezo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idali itafika povuta ku Mozambique. Pomwe inkatha mu 1992, anthu oposa 1 miliyoni adali atathawira m'dziko muno, ndipo ena ankafika kuchipatala komwe ndinkagwira ntchito.

Mu First Blood muja, Sylvester Stallone amadzisoka yekha bala la pamkono n'kupitiriza kuthamanga. Abale, limenelo ndi bodza. Ine ndidatsuka bala la mnyamata amene adaponda bomba lokwirira pansi. Mwendo adadula, ndipo usiku ankalira kuitana amayi ake omwe adatsala kutsidya. Kuchokera tsiku limenelo ndidasiya kuimba m'manja.

Tsono mafilimu amene ndimauza anzanga ndi awa.

Yoyamba ndi The Bridge on the River Kwai ya 1957. Ikukamba za akaidi a nkhondo a ku Britain omwe asilikali a Japan adawakakamiza kumanga mlatho wa njanji yochoka ku Thailand kupita ku Burma. Adaijambulira ku Sri Lanka, dziko la tiyi ngati kwathu kuno. Magazi ndi ochepa, choncho mwana wa pulayimale mutha kuonera naye. Koma mumuuze zomwe filimuyo sikunena: azigogo athu a King's African Rifles nawonso adakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Mukapita ku Zomba, muonetseni nsanja ya chikumbutso cha asilikali ija pafupi ndi Cobbe Barracks.

Yachiwiri ndi Hotel Rwanda ya 2004. Mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa ku Rwanda m'masiku 100, ambiri ndi zikwanje, wailesi ikusonkhezera chidani cha mitundu. Ife pa esiteti timakhala Alomwe, Amang'anja, Ayao ndi Asena m'makomboni amodzi. Filimuyi ndi ya ana a sekondale, ndipo ikatha muwafunse: chidayambitsa n'chiyani?

Yachitatu ndi Saving Private Ryan ya 1998. Imayamba ndi asilikali a America akutsika pagombe la Normandy pa 6 June 1944. Imeneyi ndi ya akuluakulu okhaokha. Mabala ake ndi ofanana ndi omwe ine ndidawaona, ndipo anyamata akamafa amaitana amayi awo.

Ya pamtima panga, monga namwino, ndi Hacksaw Ridge ya 2016, nkhani yoona ya Desmond Doss amene adakana kugwira mfuti koma adapulumutsa anzake 75 ovulala ku Okinawa mu 1945. Nayonso si ya ana, koma nkhani yake mutha kuwafotokozera pakamwa.

Langizo langa ndi ili: filimu iliyonse ili pa foni kapena pa memori khadi, yambani mwaionera inu makolo. Ngati ngwazi ikupha anthu 50 koma palibe maliro, palibe wamasiye, palibe wolumala, dziwani kuti mwana akuphunzira bodza. Akayamba kulota zoopsa kapena kukodza pogona, muimitseni kaye.

Mayi aja ndidawauza kuti mfuti ya phesi isawadetse nkhawa. Angomufunsa mwanayo kuti, "Amene wamuwomberayo, amayi ake ndani?"

Akuluakulu adati nkhondo simanga mudzi. Tionana Lamulungu likudzali.