Phokoso lodumpha malire: momwe nyimbo za rock zidafikira ku Namitete ndi ku Nsaru

Pa 12 October 1975, wailesi ina ya ku Mozambique idaulutsa mawu komaliza n'kutseka. Dzina lake lidali LM Radio, chidule cha Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Wailesiyi sidali ya Amalawi, sinkaulutsa m'Chichewa, ndipo eni ake sankamuwerengera n'komwe mnyamata wa ku Kabudula. Komatu kwa achinyamata ambiri a kuno kwathu a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, LM ndiye lidali khomo limene nyimbo za rock zinkalowera, pamodzi ndi wailesi ya ku Lusaka.

Dziko la Malawi silidakhalepo ndi wailesi yoimba rock yokhayokha m'nthawi imeneyo. Nanga gitala waukali wa Jimi Hendrix ndi mawu a Mick Jagger zinkamveka bwanji pakhonde la sitolo ku Mpingu kapena m'chipinda cha mphunzitsi ku Nambuma? Yankho lake likukhudza malamulo, maulendo a kumigodi, ndalama za fodya komanso chilengedwe cha mumlengalenga.

Wailesi imodzi, makutu a dziko lonse

Malawi Broadcasting Corporation idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka 30 idali wailesi yokhayo ya dziko lino. Wailesi yakanema kudalibe mpaka 1999. Tsono chimene mkulu wa mapologalamu wavomera ku Blantyre ndicho chimene dziko lonse linkamva. MBC idagwira ntchito yaikulu: Nyimbo za M'maboma, Zokonda Amayi ndi sewero la Kapalepale ndi mapologalamu amene adalera anthu ambiri. Nyimbo zakunja zinkaimbidwa ndithu, koma zitasefedwa.

Sefayo idali ya lamulo. M'chaka cha 1968 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo bungwe lounikalo linkatha kuletsa chilichonse chimene lachiona kuti n'chosayenera. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia ndi imodzi mwa zodziwika kwambiri zimene zidaletsedwa. Mu 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo tsitsi lalitali kwa abambo ndi mathalauzi otambalala kumiyendo zidasanduka mlandu. Alendo ofika ndi tsitsi logwera m'mapewa ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko.

Izi zikutanthauza kuti maonekedwe onse a woimba rock adali osaloledwa. Pa nsanamira zinayi za nthawiyo, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, nyimbo zolimbikitsa mwana kutsutsa akuluakulu zidalibe malo.

Mafunde sanyamula chitupa

Chimene boma silikadatha kumeta ndi mafunde a wailesi. Kutali mumlengalenga, kuyambira makilomita pafupifupi 60 kukwera m'mwamba, kuli mpweya umene kuwala kwa dzuwa kumaupatsa mphamvu ya magetsi. Mafunde a shortwave akagunda pamenepo amabwerera pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana kuchokera pamene adanyamukira. Masana, gawo la m'munsi la mpweyawo limameza mafunde ena. Dzuwa likalowa, gawolo limazilala ndipo mafunde amayenda ulendo wautali. N'chifukwa chake wailesi zakutali zinkamveka bwino usiku, nthawi imene makolo agona.

MBC nayo inkagwiritsa ntchito shortwave kuti ifike m'maboma onse, choncho wailesi zambiri zogulitsidwa m'dziko muno zinkatha kukoka mafundewa. Munthu amene wagula wailesi kuti azimvera nkhani ndi mauthenga a maliro adali atagulanso, mosadziwa, njira ya ku Lourenço Marques, Lusaka, Johannesburg ndi London. Chofunika chidali kupotokola kabatani pang'onopang'ono ndi kumangirira waya kumtengo wa mango.

Wailesizo zinkafika m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe m'njira ziwiri. Yoyamba idali ya matchona ndi anyamata a Wenela, amene pobwera kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury ankasenza njinga, bulangete, wailesi ndi galamafoni pamodzi ndi mbale zake. Ulendowu udaima kwa kanthawi mu April 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Njira yachiwiri idali ya khasu. Dera limeneli ndi nkhokwe ya fodya, mtedza ndi chimanga, ndipo kuyambira 1968 ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, idalambula misewu ndi kumanga misika. Mlimi akagulitsa mbewu ku Admarc, wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre konkuno, idali pakati pa zinthu zoyamba kugula. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti akokereko usiku wina.

Ntchito ya muulutsi wosamangidwa tayi

Kuti timvetse chifukwa chimene LM inkakomera achinyamata, tiyenera kuona kusiyana kwa aulutsi. Muulutsi wa wailesi ya boma, kaya ku Blantyre kaya ku Johannesburg, ankawerenga zolembedwa kale, modekha, ngati mlembi wa bwalo la milandu. Muulutsi wa rock ankalankhula mothamanga, kuseka, kulankhulira pamwamba pa nyimbo ikamayamba, ndi kuyankha makalata a omvera ngati akucheza ndi anzake. Ankagwira yekha mbale ndi singano, akuonetsetsa kuti pasadutse mphindi yachete.

Khalidwe limeneli lidabadwira ku America. Alan Freed, muulutsi wa ku Cleveland, ndiye adatchukitsa mawu akuti rock and roll kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, poimbira achinyamata achizungu nyimbo za anthu akuda. Mu 1959 adachotsedwa ntchito pa nkhani ya ziphuphu zimene makampani a nyimbo ankapereka kwa aulutsi kuti mbale zawo zizimveka pafupipafupi. Choncho ufulu ndi chinyengo zidakulira m'nyumba imodzi kuyambira pachiyambi.

Chochititsa chidwi n'chakuti wailesi zolusa kwambiri zinkakhala kunja kwa dziko limene zikuliimbira. Wolfman Jack, amene ankakuwa ngati mmbulu pamphepo, ankaulutsira ku America kuchokera kutsidya la malire ku Mexico, pa makina amphamvu kasanu kuposa amene lamulo la America linkalola. Ku Britain, Radio Caroline idayamba mu 1964 ili m'sitima yoima panyanja, kunja kwa madzi a dzikolo, aulutsi ake akugona ndi kudya momwemo kwa masabata, mafunde akugwedeza singano pambale. Boma lidaletsa nzika zake kugwira ntchito pa wailesi zoterozo mu August 1967, koma mwezi wotsatira BBC idatsegula Radio 1 n'kulemba ntchito ena mwa aulutsi omwewo.

LM idali Caroline ya kumwera kwa Africa. Idayamba m'zaka za m'ma 1930 pansi pa Rádio Clube de Moçambique, ikuulutsa m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans, ndipo ndalama zake zinkachokera kwa amalonda a ku South Africa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 idatembenukira kwa achinyamata, amene wailesi ya boma ya SABC inkawanyalanyaza. SABC idafika poletsa nyimbo za The Beatles mu 1966, John Lennon atanena mawu amene adakwiyitsa Akhristu. Lamulungu madzulo, pamene wailesi za ku South Africa zinkasunga ulemu wa tsikulo, LM inkaulutsa mndandanda wa nyimbo zotchuka m'sabatayo. David Davies adali mawu a wailesiyi kwa zaka zambiri, ndipo John Berks, amene pambuyo pake adatchuka pa Radio 702 poimbira anthu mafoni owapusitsa, adaphunzirira ntchito komweko.

Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. SABC idatenga ulamuliro wa LM mu 1972. Pa 7 September 1974, atsamunda okana kuti Frelimo ilamulire adalanda nyumba ya Rádio Clube kwa masiku angapo, ndipo anthu adafa pa chipwirikiticho. Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975, LM idatsala ndi miyezi yosakwana inayi. Tsiku lotsatira kutsekedwa kwake, SABC idatsegula Radio 5 m'malo mwake.

Kwa anzathu a kutsidya la Mchinji

Msewu wodutsa pa Mpingu ndi pa Namitete umathera ku Mchinji, ndipo kungowoloka malire wafika ku Chipata. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, chilankhulo n'chimodzi, ndipo makutu a kuno adazolowera Lusaka kalekale. Wailesi ya Central African Broadcasting Station inkaulutsira anthu a ku Nyasaland m'Chinyanja kuchokera ku Lusaka kuyambira zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special. Alick Nkhata, muulutsi komanso woimba, adali dzina lodziwika m'midzi yathu MBC isanabadwe.

Ku Zambia zinthu zidayenda mosiyana ndi kuno. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoimbidwa pa wailesi zikhale za Azambia. Cholinga chidali kuteteza chikhalidwe, koma amene adapindula msanga ndi anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka amene adali ataphunzira kale kuimba ngati Hendrix ndi James Brown. Ku Ndola kudali fakitale yosindikiza mbale ya Teal, ndipo kampani ya Zambia Music Parlour inkajambulitsa magulu. Pamenepo mpamene padaphukira chamba chimene chimatchedwa Zamrock.

Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, amene dzina lake lakuti Jagari lidachokera kwa Mick Jagger, lidatulutsa chimbale cha Lazy Bones!! mu 1975. Chaka chomwecho a Amanaz adatulutsa Africa. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya adasakaniza gitala ndi ng'oma zamakolo. Koma amene adafika pafupi kwambiri ndi mtima wa womvera wa ku Nsaru ndi Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, chifukwa ankaimbanso m'Chinyanja, za moyo wa m'makomboni, pa gitala wolira mokalipa. Kwa nthawi yoyamba, rock idalankhula chilankhulo chathu.

Nayonso Zamrock sidakhalitse. Mtengo wa kopa udagwa, ndalama zogulira mbale zidasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia adapha madansi, ndipo disco idalanda achinyamata. Kenako Edzi idakolola oimba ambiri. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Jagari adasiya kuimba, nakakhala mphunzitsi, kenako wokumba miyala yamtengo wapatali.

Chimene chidatsala kwathu

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mudzi ndiye amasankha chometa. Achinyamata a ku Lilongwe kumudzi sadasanduke oimba rock. Magetsi kudalibe, gitala wamagetsi adali wodula, ndipo simanjemanje wa ku South Africa, kanindo wa ku Kenya ndi rumba ya ku Congo ndizo zinkadzaza mabwalo a gumbagumba. Chimene adatengako ndi chilakolako cha gitala ndi mtima wakuti munthu angathe kuimba mwa njira yakeyake. Adasema mabanjo ndi magitala a zigubu, nakoka nsambo kuchokera ku mawaya a mabuleki a njinga. Mwambo umenewu ukadalipo: Madalitso Band ya ku Lilongwe yazungulira maiko a ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha.

Kusiyana kwa maiko awiriwa kukuonekera poyera lero. Chifukwa chakuti Zambia idali ndi lamulo lokomera oimba ake komanso fakitale ya mbale, nyimbozo zidasungika. Kampani ya Now-Again ya ku America idazisindikizanso, filimu yonena za WITCH idatuluka mu 2019, ndipo gululi lidatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, Jagari ali ndi zaka zoposa 70. Oimba athu ambiri a nthawiyo ankajambulira ku MBC, pa matepi amene mwini wake adali wailesi.

Lamulo la kavalidwe lidachotsedwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri mu 1993. MBC Radio 2 idayamba mu 1997, kenako Power 101 ndi Capital FM, ndipo Zodiak idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2005. Muulutsi woseka ndi kucheza ndi omvera, amene kale ankasakidwa usiku pa shortwave, lero ali pa FM tsiku lonse, ndipo amalankhula Chichewa.

Amene adali ndi zaka 18 pamene LM inkatsekedwa tsopano akuyandikira zaka 70. Akadalipo ku Kabudula, ku Nambuma ndi ku Namitete, ndipo ndiwo akudziwa mwini wailesi yoyamba m'mudzi, gulu limene linkaimba pa zikwati, ndi mnyamata amene adametedwa tsitsi pamsika. Mbiri imeneyi sili m'buku lililonse la sukulu. Wailesi zathu, zimene zili ndi makina ojambulira m'thumba la mtolankhani aliyense, zingathe kuitolera pamene eni ake akadali ndi mawu.