Masipika coyamba, zonyezimira pambuyo

Nyengo yogulitsa cimanga ikafika, timaona alimi akutsika basi pa Intercity, ndalama m'thumba, ulendo wa ku Kamwala kapena mu Cairo Road kukagula cilimba ca panyumba. Madzulo abwerera ndi cibokosi cothwanima, colembedwa "3000W PMPO". Abale, nambala imeneyo ndi yokopera ogula cabe. Funsani ya RMS, ndiyo ionetsa mphamvu yeniyeni.

Ife tikuti ngati muli ndi K4,000, theka lipite ku masipika. Mau aturukira mmenemo, ndipo sipika yopepuka ya pulasitiki siimveka bwino ngakhale muilumikize ku ampu yodula. Lowani m'sitolo ndi foni yanu, muike nyimbo ya kwaya ya ku parishi imene muidziwa bwino, mumve ngati mau a azimai sakulira monga cibekete. Wogulitsa adzakweza besi kuti abise zimenezo. Muuzeni atsitse.

Ampu itenge K1,200. Onani kumbuyo kwake: ngati palembedwa 8 ohms, musamangeko masipika a 4 ohms, ingatenthe mpaka kupsa. Coimbira ma CD musacivutikire, foni ndi memori khadi zikwana.

K800 yotsalayo ndiyo ambiri aiwala. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, m'Kabwata ndi m'Chelstone malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku. Malaiti akamabwera mwadzidzidzi angaoce ampu, conco gulani surge protector ndi mawaya okhuthala. Inu akumudzi kumene ZESCO siinafike, sankhani ampu ya 12V yoyendera batire la sola, ndipo lisiti musalisiye pa kauntala.