Mendulo ya M'kachitini: Gawo Lachitatu

Sabata yatha: Amalume anapeza kachitini ka mamendulo pansi pa bedi la agogo ku Kanjedza, ndipo anaitana bambo wina wa ku Limbe wosonkhanitsa zinthu zakale zankhondo kuti adzawagule.

Bamboyo anafika dzuwa litapendeka, atanyamula kope ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Agogo anali pamphasa, kachitini kali pamiyendo, manja onse awiri ali pachivundikiro.

"Amayi, tsegulani alendo aone," anatero amalume. "Lendi yakwana miyezi itatu. Zitsulozi sitingadye."

Agogo anatsegula mosafuna. Mlendo uja analandira ndi manja awiri mendulo yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati.

"Iyi ndi Burma Star. Mwini wake anali ndani, agogo?"

"Bambo anga. Analembedwa usilikali wa Keyala ku Zomba ine ndili kumsana. Sanabwerenso."

"Ndiye kuti anali m'gulu la King's African Rifles lomwe linalowa m'chigwa cha Kabaw mu 1944, mvula ili pakati. Kumeneko adani sanali a ku Japan okha. Malungo ndi matope zinatha anyamata ambiri a kuno kwathu."

"Nanga ndi ndalama zingati?" anadula amalume.

"Achimwene, ndisakunamizeni. Mamendulo a nkhondo yachiwiri Angerezi ankawapereka opanda dzina, choncho mtengo wake ndi wochepa. Ine chomwe ndimasaka ndi munthu: nambala yake, gulu lake, komwe anagwera. Ndikapeza nambala ndimafufuza m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, kuti banja lidziwe komwe dzina la m'bale wawo linalembedwa."

Nkhope ya amalume inagwa. Anatenga kachitini n'kukakhuthula pamphasa. Pansi penipeni panatuluka kanthu kokulungidwa m'kachigamba, komangidwa ndi luzi.

"Chimenecho ayi!" Agogo anakuwa mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

Koma amalume anali atamasula kale. Inali mendulo yasiliva, yodetsedwa ndi zaka, ya mutu wa Mfumu George V. Pamwamba pake panali kachitsulo kopingasa kolembedwa. Mlendo anayandikitsa galasi lake, kenaka anakhala chete nthawi yaitali.

"Agogo, kwanu n'kuti?"

"Ku Chiradzulu," ndinayankha ine. "Ndife a ku Mbombwe, a mpingo wa PIM. Agogo awo a agogowa anaphedwa pa nkhondo ya John Chilembwe. Chaka chilichonse pa 15 January timapita kukapemphera kumeneko."

Bamboyo anapukuta thukuta pamphumi.

"Mwanawe, werenga wekha apa."

Ndinawerenga: Nyasaland 1915.

"Iyi ndi Africa General Service Medal," anatero motsitsa mawu. "Kachitsulo aka sikanaperekedwe chifukwa cha nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Ajeremani ayi. Kanaperekedwa kwa amene anathandiza boma la atsamunda kuthetsa kuukira kwa Chilembwe, komwe kunayamba pa 23 January 1915. Asilikali a boma ndi amene anagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kusaka anthu ake m'mapiri."

M'nyumba munangoti zii. Kunja kunkamveka mahutala a maminibasi opita ku Limbe.

"Ndiye yafika bwanji m'nyumba mwathu?" Mawu a amalume ankanjenjemera. Za lendi anali ataiwala.

"Iyi si yopanda dzina ngati zinazi. M'mphepete mwake anadindamo nambala, dzina ndi gulu la msilikali." Anaitembenuza poyang'ana kuwala kwa pawindo, nayamba kuwerenga manambala mmodzimmodzi. Atangotsegula pakamwa kuti atchule dzina, agogo anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Bambo, dzina limenelo silinatchulidwepo pabanja pano chimwalirireni agogo anga aakazi. Ngati litchulidwe lero, nditchule ndine."

Anandiyang'ana, misozi ikutsika.

"Iwe, tseka chitseko. Amene timakawalira ku Mbombwe aja si amene anabereka bambo anga."

Kodi dzina lili pamendulo ndi la yani? Musaphonye gawo lachinayi sabata yamawa.