ZA KUSAMUKA: MAU KWA MWINI BANJA WOFUNA MALO ATSOPANO

Abale anga, eni mabanja, masiku ano anthu ambiri alinkusamuka. Ena acoka kwao cifukwa munda wa makolo wagawidwa kwa ana ndi adzukulu, kufikira watsala kandime kosakwanira kudyetsa nyumba imodzi. Ena acoka cifukwa nthaka yaguga. Ndipo ena sacoka mwa kufuna kwao, koma madzi ndiwo awapitikitsa, monga kunacitika ku Nsanje ndi ku Chikwawa m'mwezi wa January 2015, ndi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri nakokolola midzi. Kusamuka si kanthu koipa iai. Makolo anu anasamuka kawiri kawiri. Koma kusamuka kothamanga kusandutsa mwini nkhokwe kukhala waganyu m'munda mwa mnzace. Cifukwa cace mau a pepala ili ndi awa: mwini banja, kaya ndi bambo kaya ndi mai, ayambe waona malowo ndi maso ace, nafunse za madzi, za nthaka ndi za mwini dziko, asananyamule ana ndi mbeu.

1. Mukaone malowo kawiri

Musakhulupirire mau a munthu wakuti kuja kuli minda yogona. Pitani nokha, ndipo pitani kawiri, pakuti dziko liri ndi nkhope ziwiri. Ulendo woyamba ukhale wa m'dzinja, mwezi wa February, mvula iri pakati. Pamenepo mudzaona pamene madzi aima, ndi mtsinje umene utseka njira ya ku cipatala, ndi maonekedwe a cimanga ca eni mudzi. Ulendo waciwiri ukhale wa mu October, dzuwa litakula. Pamenepo mudzaona ngati citsime cikali ndi madzi, kapena ngati akazi alawira usiku kukafukula mcenga wa mu mtsinje.

Gonani kumeneko masiku awiri kapena atatu. Za madzi funsani akazi, popeza ndiwo asenza mtsuko. Za cigumula funsani nkhalamba, kuti zikuonetseni pamene madzi anafika caka coipa koposa. Nimuyang'ane m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, pakuti zinyalala zokodwa m'mwamba sizinama. Akuru anati, safunsa anadya phula.

Tiri naco citsanzo m'dziko lathu lomwe lino. Kuyambira caka ca 2004 kufikira 2011 boma linacita nchito yochedwa Kudzigulira Malo, ndipo mabanja oposa 15,000, ena ocokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, analandira minda ku Machinga, ku Mangochi, ku Balaka ndi ku Ntcheu, banja liri lonse monga mahekitala awiri. Ambiri anakolola cimanga coposa kale. Koma ena atafika anapeza kuti mjigo, sukulu ndi cipatala ziri kutali. Munda waukuru ndiwo dalitso, koma munda suciza mwana wodwala usiku.

2. Kuwerenga nthaka

Nthaka inena za iyo yokha mwa zomera zace, ndipo mlimi wanzeru aiwerenga monga buku. Pamene pali udzu wautali wa cipeta, ndi mitengo ya msangu, pamenepo pali conde. Msangu ndiwo bwenzi la mlimi, pakuti uyoyola masamba ace m'dzinja, nudyetsa nthaka, osaphimba cimanga ndi mthunzi. Pamene pacuruka masuku ndi miyala yoonekera pamtunda, dothi liri losaya ndi losauka. Ndipo mukaona kaufiti wa maluwa ofiira m'minda ya cimanga, dziwani kuti nthakayo yatopa kale, ndi kuti idzafuna manyowa ndi kasinthasintha wa mbeu zaka zingapo isanakubwezereni thukuta lanu.

Tengani khasu, nimukumbe dzenje lofika m'bondo pa malo atatu kapena anai a mundawo. Katondo wofiira wakuya asunga cinyezi. Mcenga ulimika msanga, koma uumanso msanga, ndipo uyenera mtedza ndi cinangwa koposa cimanga. Makande akuda a m'dambo ang'ambika m'cirimwe namata m'dzinja. Ayenera thonje, mapira ndi mpunga, koma sayenera nyumba.

Kumbukiraninso kuti mbeu ya kwanu siidziwa dziko lacilendo. Munthu wa ku Thyolo azolowera mvula yambiri ndi ciperoni ca mu June. Akatsikira ku Balaka kapena ku cigwa ca Shire adzapeza dzuwa lowawa ndi mvula yoleka msanga. Kumeneko afunika cimanga coca msanga, pamodzi ndi mapira, khobwe, nandolo ndi mbatata. Caka coyamba bzalani gawo lalikuru la munda ndi mbeu zimene eni dziko abzala, ndi kandime kakang'ono kokha ndi mbeu ya kwanu, kuti muiyese.

3. Mwini dziko

Palibe malo opanda mwini. Ngakhale thengo looneka lopanda kanthu liri ndi mbumba yace, kapena liri nkhalango yotetezedwa ndi boma, kapena liri esiteti ya munthu wokhala nao makalata. Wolima m'menemo adzagwetsa mitengo, nadzazula zitsa, ndipo munda utakoma adzapitikitsidwa.

Cotero yambani kwa nyakwawa ya kwanu, ikupatseni kalata wonena kuti ndinu yani, ndi kuti simuthawa mlandu. Kalatayo mupite naye kwa nyakwawa ya kumene mufuna kukhala, pamodzi ndi munthu wodziwika m'mudzimo wakuti akuperekezeni. Ndipo nkhaniyo ifike kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikuru. Lamulo la malo a makolo la caka ca 2016 linaika makomiti a za malo, ndipo linatsegula njira yakuti munthu alembetse munda wace. Kumene komiti yotere iripo, musailambalale. Musapereke ndalama kwa munthu mmodzi mseri. Iye angakhale mwana wa mlongo wa mwini, kapena mkamwini cabe, ndipo caka ca mawa abale ace adzabwera nati, Munda uwu ngwa agogo athu.

Tsiku lakulandira malo, muyende m'malire monse pamodzi ndi amfumu ndi eni minda yoyandikana. Mau alembedwe pa pepala, mboni zisainire, ndipo m'malire mubzale mitengo kapena khonje nyengo ya mvula yoyamba. Funsaninso za manda, pakuti mudzi umene sukupatsani pogona pa akufa anu sunakulandireni kweni kweni.

Ndipo musanacoke kwanu, khalani pansi ndi mwini mbumba ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Bambo amene anakhala pa cikamwini akatenga mkazi ndi ana kumka nao ku dziko lina, pafunika kupangana poyera kuti munda watsopanowo ngwa yani, kuti imfa ikadza, wamasiye ndi ana asalandidwe.

4. Nyengo yakusamuka

Nyengo yabwino ndiyo mutatha kukolola, kuyambira June kufikira August. Pamenepo njira ziri zouma, udzu wofolera ulipo moto usanaudye, njerwa ziuma bwino, ndipo patsala miyezi yakuswa mphanje mvula isanadze. Wosamuka mu November apeza nchito zitatu pa tsiku limodzi, kumanga, kulima ndi kufuna cakudya. Ndipo zonse zitatu azicita moperewera.

Werengani matumba a cimanga amene nyumba yanu itha pa mwezi, nimuwerenge miyezi kufikira April wa caka ca mawa. Ngati cakudya canu sicifika pamenepo, musanyamuke nonse. Atsogole bambo ndi mnyamata wamkuru, amange msasa, aswe munda. Ndipo munda wakale ulimidwebe caka cimodzi. Musagulitse cimanga kuti mulipire galimoto lonyamula katundu. Mudzacigulanso mu January pa mtengo wowawa. Mbeu isungidwe pa yokha, yosasakanizika ndi cakudya, ndipo cimanga ciume bwino ndi kutetezedwa kwa anankafumbwe cisanakwere galimoto.

5. Pomanga nyumba

Sankhani pamtunda pouma, pamene madzi a mvula apatuka okha. Musamange m'dambo, kapena m'mphepete mwa mtsinje, kapena kunsi kwa phiri lometedwa mitengo, makamaka pakamwa pa khwawa. Khwawa louma liri njira ya madzi, ndipo madzi saiwala njira yao ngakhale papite zaka makumi awiri. Ambiri amene anafa ku Chilobwe m'mphepete mwa phiri la Soche mu 2023 anali m'nyumba zao pamene matope ndi miyala zinatsika.

Cinthu coyamba kukumba ndico cimbudzi. Cikhale kunsi kwa citsime, kutali mamita 30 kapena kuposa, cokhala ndi civundikiro pa dzenje ndi madzi osamba m'manja pakhomo pace. Musacepetse mau awa: kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo nthenda imeneyi iyenda ndi madzi oipitsidwa. Madzi a citsime cimene simucidziwa muwawiritse kapena muthiremo mankhwala a klorini.

Pambuyo pace mangani posungira cakudya, ndi khola, ndipo potsiriza nyumba. Maziko akwere pamwamba pa nthaka, ndi khonde lotakata pozungulira, kuti mvula isanyambite khoma. Denga limangidwe kolimba ku khoma ndi waya, ndipo tsindwi liturukire kunja ndithu. Nyumba yaing'ono yotha bwino ipambana yaikuru yopanda denga pofika December. Musamange pafupi ndi culu ca ciswe.

Poswa munda, musadule mitengo yonse, ndipo m'mbali mwa mtsinje musadule konse. Pa malo otsetsereka itanani mlangizi wa zaulimi akuthandizeni kuika akalozera, kuti mizere ipingase phiri, yotalikirana masentimita 75. Ndipo pa akalozerawo mubzale udzu wa vetiva. Munda watsopano ukakokoloka zaka zitatu zoyamba, mudzakhala mwasamukira cabe.

6. Cipatala, sukulu ndi msika

Mtunda muuyese ndi mapazi anu, osati ndi mau a anthu. Yendani kufikira ku cipatala, nimudzifunse ngati mai wapakati angathe ulendo umenewo, ndi ngati pali ngolo, njinga kapena njinga yamoto yopezeka usiku. Dziwani dzina la mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndi tsiku la sikelo ya ana. Mabuku a ku cipatala a banja lonse muwanyamule m'thumba louma pamodzi ndi zitupa za unzika. Ali yense wakumwa mankhwala a masiku onse, monga a cifuwa cacikuru, a HIV, kapena a kuthamanga kwa magazi, atenge kalata wosamukira ku cipatala cakale, ndi mankhwala okwanira, kuti asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Inu ocokera ku mapiri, cenjerani ndi malungo a ku cigwa ndi ku nyanja, pakuti kumeneko udzudzu ucuruka. Masikito apacikidwe usiku woyamba womwe, ngakhale mu msasa. Ndipo mwana akatentha thupi apite ku cipatala tsiku lomwelo. Ana asasambe m'madzi oima a m'mabango, mmene mukhala nkhono za likodzo.

Za sukulu, tengani kalata kwa mphunzitsi wamkuru wa sukulu yakale, wonena kalasi ya mwana ali yense. Caka ca sukulu ciyamba mu September, ndipo ici ndi cifukwa cina cakusamukira m'cirimwe. Onani ngati pali mtsinje pakati pa nyumba ndi sukulu. Mwana wamng'ono amene njira imtalikira ayamba kujomba, ndipo wojomba acedwa pang'ono kuleka konse.

Funsaninso za cigayo, za tsiku la msika, za kumene agula mbeu ndi feteleza, ndi za msewu ngati galimoto lifika m'dzinja. Nandolo wokoma wopanda msewu agulidwa pa mtengo umene wogula afuna. Kalembetseni dzina lanu kwa nyakwawa ndi kwa mlangizi wa zaulimi sabata loyamba, kuti pakadza cithandizo kapena maphunziro a ulimi musapezeke kuti simuli a mudzi uli wonse.

7. Ziweto

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba siziyenda ulendo wotere popanda cilolezo ca mlangizi wa ziweto. Lamulo ili licinjiriza inu nomwe, pakuti cigodola ca nkhumba ciribe mankhwala, ndipo nkhumba imodzi yodwala ingathe makola a mudzi wonse. Nkhuku zilandire katemera wa citopa zisananyamuke. Pofika, ziweto zanu zikhale pa zokha masabata awiri kapena atatu. Ngati malowo ayandikana ndi nkhalango za nyama, monga ku Liwonde, ku Kasungu kapena ku Nkhotakota, funsani za njobvu zolowa m'minda, ndi za kashembe woluma ng'ombe ndi anthu.

8. Kukhala nao eni mudzi

Citsime, sukulu ndi cipatala mudzazipeza ndi mapazi. Koma anansi mudzawapeza ndi khalidwe. Maliro oyamba ogwa m'mudzimo, mupiteko ndi khasu, ndi mai apite ndi ufa ndi nkhuni. Nchito ya mudzi ikaitanidwa, kaya kulambula msewu kaya kuumba njerwa za sukulu, dzina lanu lisasowe. Perekani cam'mjigo pa nthawi yace. Mbuzi zanu zimangidwe nyengo ya mbeu. Ngati eni dziko ali a cinenero cina kapena a cipembedzo cina, phunzirani moni wao, nimulemekeze masiku ao ndi manda ao; ndipo musacuruke mau akuti kwathu sitimatero. Kalata wa ku mpingo wanu mumpereke kwa akuru a mpingo wa kumeneko Sabata loyamba.

Mukatha kuwerenga pepala ili, muwawerengerenso a m'nyumba mwanu ndi anzanu osadziwa kuwerenga, nimupangane pamodzi musanagulitse kanthu kali konse. Ndipo Mulungu, mwini nthaka ndi mvula, akutsogolereni ku malo a madzi abwino ndi anansi a mtendere.