BAMBO NDI MAI AKOKERE PAMODZI KUTI NJALA ITHE



Ambiri a ife tikumbukira chilala cha 1992. Cha 2024 chinatikumbutsa zomwezo, pamene chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Ife amene tiyendera midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke taona chinthu chimodzi: makomo amene adzuka msanga njala ikapita ndi aja amene bambo ndi mai apangana pa za munda ndi ndalama.

Chifukwa chake n'chiyani?

Mai abzala, apalira, akolola, atunga madzi ndi kutola nkhuni. Ndiye adziwa kuti m'nkhokwe mwatsala chakudya cha miyezi ingati. Koma kawirikawiri feteleza yense apita ku munda wa bambo, ndipo ng'ombe zilima munda wa mai pomalizira, mvula yobzalira itadutsa. Nshawa zobzalidwa mochedwa sizibereka bwino. Wotaya si mai yekha ai, ndi banja lonse.

M'chaka cha 2011 bungwe la FAO linawerengera kuti amai atapatsidwa mbeu, feteleza, zipangizo ndi ngongole mofanana ndi abambo, zokolola za m'minda yao zingakwere ndi 20 mpaka 30 peresenti. Ndiko kuti pamene mai akolola matumba 10, angakolole 12 kapena 13.

Za minda ndi chuma cha masiye

Mai amene aopa kulandidwa munda mwamuna wake akamwalira sabzala mitengo, sakumba maenje osunga madzi, sathira manyowa. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linena kuti munthu akafa wosalemba wilo, 50 peresenti ya chuma ipite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kuwasunga. Kulanda katundu wa mai wamasiye ndi mlandu. Koma lamuloli silikhudza minda imene ili m'manja mwa mafumu. Ndiye chifukwa chake nkhani ya munda iyenera kukambidwa kwa anyakwawa onse awiri akali moyo.

Tichitenji tsono?

1. Musanagulitse chimanga kapena nshawa, khalani pansi awiri. Patulani chakudya cha chaka chonse ndi mbeu, kenaka muone zogulitsa.
2. Munda wa nshawa, nyemba ndi kandolo ulimidwe pa nthawi yake, osati pomalizira.
3. Pitani kwa anyakwawa pamodzi ndi mboni, kuti adziwe kuti munda ndi wa nonse awiri.
4. Ndalama za chilimba ndi za kudimba mai akhale nazo mau. Mbuzi ndi nkhuku zogulidwa nazo ndizo zipulumutsa banja chilala chikabweranso.
5. Mwana wamkazi asasiye sukulu kapena kukwatiwa chifukwa cha njala.
6. M'komiti yogawa mbeu ndi yoyang'anira chitsime mukhale amai, ndipo azilankhula.

Abambo, izi sizichotsa ulemu wanu. Bambo wosenza nkhuni pa njinga kuti mkazi wake apeze nthawi ya kudimba ndiye amene ana ake sagona ndi njala mu February. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Kambiranani zimenezi pakhomo ndi pampingo mvula isanagwe.